Injini ya Malemu Amuna Anga Ili pa Ndege

Aneba anga, kalipentala wopuma ntchito kuno ku Mampong, akupanga ndege kuseri kwa nyumba yawo. Salankhula zambiri. Thabwa lililonse amayamba alinunkhiza asanalipale, ndipo odutsa akamawaseka amangoti, "Sekani, mano ndi anu."

Injini yeniyeni ya ndege, imene munthu wina wa ku Accra anawalonjeza, sinabwere. Tsiku lina aneba angawo anaima pakhomo panga, chipewa chili m'manja.

"Amayi a Boadu, m'galimoto ya malemu achimwene ija mukungoikira nkhuku. Bwanji injiniyo mundipatse?"

Ndinavomera ndi mutu, koma ndinkaopa kuti aiphwasula n'kulephera kuibwezera. Amuna anga ankaisamala ngati mwana.

Patapita miyezi iwiri anaimangirira pa ndege, kutsogolo n'kuikako chifani chathabwa chimene anasemera injini ya ku Accra ija. Atailiza, ndege inayamba kuyenda chambuyo mpaka mchira unalowa m'dimba langa la koko. Injini ya galimotoyo imazungulira mosiyana ndi ya ndege, ndiye chifanicho chinkakankhira mphepo kolakwika.

"Akulu inu, ndege yanu ikuopa kumwamba!" anakuwa akazi awo.

Kalipentalayo anaizimitsa, n'kuchiyang'ana chifanicho nthawi yaitali. "Injiniyi ilibe mlandu, lalakwa ndi thabwa langa. Ndisema lina. Pepani za kokoyo, amayi."

"Za koko zisiyeni," ndinatero. "Tailizaninso pang'ono."

Anailiza. Inatsokomola kawiri isanagwire, monga inkachitira m'mawa uliwonse amuna anga akamapita kuntchito.