Khoti la m'basi ya Otis

Ku Tulare kuno palibe mayi wa mwana wa sukulu amene sadziwa Otis Bettencourt. Ndi uja woyendetsa basi yachikasu yodutsa kumakola a ng'ombe za mkaka, wamfupi, wa tindevu tochepa timene amatisamala ngati mbewu za padimba. Ngakhale kugwe chifunga choti sungaone dzanja lako, iye amafika, ndipo sanasiyepo mwana pamsewu.

Anabadwira pafamu ya bambo ake, m'banja la Apwitikizi aja anachokera kuzilumba, ndipo anamulembetsa kuti ndi mtsikana. Anakula akukama ng'ombe. Chaka china pa chikondwerero cha Mzimu Woyera anamuveka diresi loyera ndi chisoti cha mfumukazi, iye nkhope ili ngati wamwa mankhwala a malungo. Chithunzicho chikadali kwa mchemwali wake wamkulu Lurdes, yemwe ali ndi saluni pafupi ndi positi. Bambo awo atamwalira, ng'ombe zitagulitsidwa, iye atapitirira zaka makumi anayi, anauza Lurdes kuti iyeyo ndi mwamuna ndipo dzina lake ndi Otis.

"Mwamuna ndamva," anatero Lurdes. "Koma mayina onsewa, mpaka kutenga la galu wa a Mendonça?"

Kwa chaka chathunthu Lurdes ankalakwitsa, kenako anazolowera. Lero ukamutchula Otis molakwika mu saluni muja umatuluka tsitsi lometedwa mbali imodzi. Ana a m'basi ndiye sanavutike n'komwe. Anangofunsa ngati malamulo asintha, atamva kuti ayi anapitiriza kumenyana.

Lamulo lalikulu linali limodzi: za m'basi zimathera m'basi. Ana awiri akakangana, anzawo ankatsika, iwo n'kutsala. Otis ankatseka chitseko, n'kuwayang'ana pagalasi lalikulu lija la pamwamba pa chiwongolero, aliyense n'kunena zake, iye n'kugamula. Kunalibe zopita ku ofesi ya sukulu, kunalibe zokauza amayi. Makolo zinkatikomera, chifukwa palibe amafuna kuimbiridwa foni ali pantchito yolongedza malalanje. Otis ankanyadira khoti lakelo. Ankati n'lachangu, lilibe mapepala, ndipo palibe wochita manyazi.

Disembala aliyense Mayi Zepeda ankabwera pasiteji ndi mphika wa matamale, timikate ta ufa wa chimanga ndi nyama ya nkhumba, otentha, okulungidwa bwino m'makoko a chimanga. Ana awo onse anadutsa m'basi imeneyi, mmodzi pambuyo pa mnzake. Otis akanalumbira pa manda a bambo ake kuti matamale salowa m'khoti. Kungoti mwana wa kwa Zepeda anali asanaluzepo mlandu.

Mankhwala a kuchipatala anamupatsa mawu aakulu ndi tindevu tija, koma chifuwa chinatsala momwemo. M'mawa uliwonse ankachimanga ndi kamalaya kothina ngati lamba, n'kukamasula madzulo. Amene anakhalapo ku Tulare mu Ogasiti akudziwa. Basi ilibe choziziritsira, mpando ndi wapulasitiki. Khungu linkatuluka zidzolo, ndipo mpweya ankaupuma theka. Chimene ankafuna ndi opareshoni yochotsa mabere, ndipo a inshuwalansi, atamuyendetsa kwa madokotala ndi makalata, anavomera. Vuto linali mwezi. Munthu akachitidwa opareshoni imeneyi amatha milungu ingapo osakweza manja, ndiye chiwongolero cha basi sangachikhotetse. Mpata wake unali Juni yekha, sukulu zikangotsekera tchuthi chachitali. Kuphonya Juni kunali kumanganso chifuwa chaka china chonse.

Dokotala anamusankha mmene timasankhira chilichonse kuno, poona nyenyezi zimene anthu amapereka pafoni posonyeza mmene akhutirira. Lurdes anapeza wina wa kunyanja wokhala ndi nyenyezi zisanu zodzaza, wopanda ndi mmodzi yemwe womunena. Panalinso Dokotala Sarkisian, mayi wachikulire wa ku Fresno pafupi pomwepa, wa nyenyezi zitatu. Anthu ankadandaula kuti samwetulira, poimika galimoto m'pothina, ndipo anapitapo kukhoti mpaka nkhani inatuluka m'nyuzipepala.

"Zitatu?" anatero Lurdes. "Ine chowumitsira tsitsi cha nyenyezi zitatu sindigula. Ndiye chifuwa cha mchimwene wanga?"

Tsiku lotsekera sukulu pa tchuthi cha Khirisimasi munali mlandu m'basi. Jekete la Pakou Vang, kamtsikana kamene banja lake linali litangosamukira kuno, linang'ambika paphewa. Pakou anati Yesenia Zepeda wamukoka. Yesenia anati lakodwa pampando. Otis anagamula kuti lakodwa pampando. Masana ake mphika wa matamale unafika monga mwa nthawi zonse, ndipo mawa lake iye ndi Lurdes anauika kumpando wakumbuyo wa galimoto nanyamuka ulendo wa kunyanja, kwa dokotala wa nyenyezi zisanu uja.

Chipatala chake sichinkanunkha chipatala. Pakhomo panali kasupe wamagetsi, mipando yoyera yoti sungalole mwana kukhalapo, ndi madzi akumwa oyandama nkhaka. Dokotalayo anali munthu wabwino, wa mano oyera. Anamugwira Otis paphewa, namutchula kuti "m'bale wanga," najambula ndi cholembera pomwe adzadule, nanena kuti mu Juni muli malo amodzi. Otis anayang'ana kudenga kwa kanthawi, ndipo Lurdes anachita ngati akufuna chinachake m'chikwama.

Kenako anawapereka kwa Brielle, mtsikana amene ntchito yake, malinga ndi kabaji ka pachifuwa, inali "kuyenda nanu pa ulendo wanu." Ulendowo unali wopita patebulo pomwe panali kagalasi kosainapo ndi chala.

Kuno timasaina chilichonse. Pogula foni timasaina, polowetsa mwana pamalo odumphadumpha timasaina, ndipo palibe amawerenga, chifukwa kumbuyo kwako kuli mzere. Ndife anthu odziwika kuti timasumirana ndi pa khofi wotentha yemwe, koma ufulu womwewo timaupereka ndi chala chimodzi uku tikuyang'ana koloko. Otis nayenso akanasaina. Koma chala chake chinali chouma ndi chong'aluka chifukwa cha chisanu ndi dizilo, ndipo kagalasiko kanakana kuchimva. Anachinyambita, kanakanabe. Brielle anapepesa napita kukatulutsa mapepala enieni. Papepala limodzi, pamwamba pa posainira, panali mawu a zilembo zazikulu zofiira, ndipo maso a Otis anawawerenga mwangozi.

"Nanga ichi n'chiyani, Brielle?"

"Aa, kameneko n'kotithandiza tonse. Mutakhala ndi dandaulo pa opareshoniyi, ngakhale sizichitika, sitivutana ndi makhoti. Timakhala pansi ndi mkhalapakati m'chipinda, iye n'kugamula. N'zachangu, zilibe mapepala ambiri, ndipo palibe wochita manyazi."

Otis anamva ngati wina wamubera mawu m'thumba.

"Chitseko chotseka?"

"Eya. Chinsinsi chanu timachilemekeza kwambiri."

"Akagamula mokhota, ndipita kuti?"

"Zimathera pomwepo. Ubwino wake ndi umenewo."

"Mkhalapakatiyo amachokera kuti?"

"Kukampani ina yodalirika, ya majaji opuma pantchito. Takhala nawo zaka zambiri. Saona nkhope."

"Adokotala amawadziwa?"

"Adokotala ndiye amakondedwa ndi aliyense," anatero Brielle akuseka.

"Nanga ine adzandiona kangati?"

"Tikupemphera kuti asadzakuoneni n'komwe!"

Lurdes anamuponda phazi pansi pa tebulo. "Saina iwe, magalimoto adzaza pamsewu tisananyamuke."

"Ndikapanda kusaina?"

Kumwetulira kwa Brielle sikunasunthe. "Muli ndi ufulu wonse, a Bettencourt. Kungoti malo a mu Juni timasungira amene amaliza mapepala onse, ndipo akudikira ndi ambiri."

Otis anapempha kuti akaganize kaye kugalimoto. Anakhala mmenemo, mphika uli pakati, akusenda matamale ozizira.

"Tandiuza," anayamba Lurdes, "chibadwire unasumirapo ndani? Galimoto yako ataigunda kutchalitchi, wopepesa unali iweyo. Ufulu woti sudzaugwiritsa ntchito ukuusungira chiyani? Wasanduka mbale za amayi za m'kabati?"

Otis anangotafuna.

"Nyenyezi zisanu, Otis! Palibe anadandaulapo!"

"Basi yanganso palibe anadandaulapo."

"Chifukwa ndiwe munthu wabwino."

"Chifukwa ndimatseka chitseko." Anapukuta mafuta patindevu. "Jekete la Pakou silinakodwe pampando. Anamukoka. Ndinaona pagalasi."

"Ndiye unagamuliranji zina?"

Otis anakweza tamale limene linali m'dzanja lake.

"Ngati likukutsamwa ndipatse," anatero Lurdes, nalilanda. "Ndipo mwina dokotalayu ndi wabwinodi."

"Mwina. Inenso wati ndine wabwino."

"Ndiye uwotchekenso chaka chonse chifukwa cha jekete la mwana wa eni?"

Apa Otis anaika dzanja panthiti pomwe kamalaya kaja kanadya khungu. Juni anali pompo, kuseri kwa kasupe uja, ndipo chimene chinatsala chinali dzina lake papepala limodzi. Koma thupi limeneli analidikira moyo wake wonse, ndipo mpeni ukaterereka, sanafune kukhala Pakou m'basi ya munthu wina. Analowanso nakauza Brielle kuti sasaina. Brielle anati akumvetsa kwambiri, namupatsa botolo la madzi la panjira. Asanatuluke n'komwe mumzindamo, foni inalira ndi uthenga womupempha kuti apereke nyenyezi pa mmene amulandirira.

Kwa Dokotala Sarkisian kunali moyandikana ndi ogulitsa matayala, ndipo madzi akumwa anali a pampopi. Otis anali atawerenga kale za mlandu uja, chifukwa zonse zinali poyera: chimene chinalakwika, amene analakwiridwa, ndi chimene khoti linanena. Anawafunsa maso ndi maso.

"Ndinalakwitsa, munthuyo anawina, ndinasintha kasokedwe," anatero mayiwo osamwetulira. "Vulani malaya."

Mapepala awo anali ambiri ndithu, koma lofiira lija panalibe. Juni amene ankabwerayo anali atadzaza kale. Anamulembera Juni winayo.

Chinali chaka chotentha kuposa zonse zimene Otis ankakumbukira. Madzulo ankadutsira ku saluni kuti Lurdes amupake mankhwala kumsana komwe dzanja silifika.

"Bwanji osapakapo ufulu wako uja?" ankatero Lurdes. "Amati umaziziritsa."

M'basi namo zinasintha. Sukulu zitatsegulira, Otis anatengera yekha mlandu wa jekete ku ofesi, ndipo woyamba kudzudzulidwa anali iye mwini. Mayi Zepeda anagula jekete latsopano nasiya kumupatsa moni. Kuchokera pamenepo mkangano uliwonse unkapita ku ofesi, ndi mafomu ake, ndi foni kwa makolo. Kunena zoona amayi sitinakondwe. Munthu uli pamzere wa malalanje, akuitana kuti mwana wako wanena mnzake kuti ali ndi makutu a mleme. Pagulu la makolo la pafoni anayamba kumunena Otis kuti wasintha, wakhala wovuta. Lurdes ankamuwerengera madandaulowo mokweza, n'kunena kuti akuona ngati watsikira pa nyenyezi zitatu.

Juni uja anafika, opareshoni inachitika. Mabandeji atachotsedwa, chifuwa chinali chosalala, koma chipsera cha kumanzere chinakhota n'kukwera cha kukhwapa, osafanana ndi chinzake.

"Eya, sumira tsopano!" anatero Lurdes. "Si zimene unapsera chaka chonse?"

Otis anadziyang'ana pagalasi la mu saluni, akutembenukira uku ndi uku. "Ndikuganizabe," anatero. Mpaka lero akuganizabe, ndipo akamanena zimenezi nkhope yake imawala.

Tsiku lotsegulira sukulu mu Ogasiti anabwera atavala sikipa yopyapyala, mkati mulibe kanthu, zenera lotsegula mpaka pansi. Mphepo yake inali yotentha ndi yonunkha ndowe monga mwa masiku onse, koma inkalowa m'khosi mwa sikipa n'kutulukira kumsana. Ana sanaone kusintha kulikonse, kupatula Yesenia amene anati, "A Otis, mwaonda. Kunyumba sakukuphikirani?"

Disembala ameneyo matamale sanabwere, monganso chaka chinacho. Koma tsiku lotsekera, pasiteji ya kumakola, amayi ake a Pakou anaima pachitseko ndi mbale yaikulu yovundikira ndi kansalu. Munali timipukutu tokazinga ta nyama ndi kabichi, totentha, fungo lake linafika mpaka kumpando womaliza. Otis anayang'ana mbaleyo, nayang'ana pagalasi.

"Tikuonatu, a Otis," anatero Yesenia kumbuyo.

Otis anakoka mpweya wodzaza chifuwa chonse, monga amachitira masiku ano akafuna kuganiza. Kenako analandira mbale ija ndi manja awiri.