Fumbi la jekete ya Che Abdulai

Ku Chiuaula kuno, mumzinda wa Lichinga, denga likadontha tinkaitana Che Abdulai. Anali munthu wochepa thupi, wamwano pang'ono, koma akakwera pamwamba ngakhale mvula inkamupatsa ulemu. Ntchito anaiphunzirira ku Malawi pothawa nkhondo. Atabwerera anapeza Lichinga yodzaza malata akale a simenti, otuwa aja, ndipo zaka makumi awiri ndi zisanu anawadula ndi sowo, fumbi lili kobo, iye akuimba.

Chimene ndinkasirira ine ndi kufika kwake pakhomo. Mkazi wake, Tausi, ankamuvula jekete asanakhale n'komwe, n'kuikuntha ndi manja pakhonde mpaka nsidze zake kuyera. Ankadandaula kuti anakwatiwa ndi thumba la ufa, koma sanalolepo mwana aliyense kugwira ntchitoyo.

Chifuwa chitayamba, tonse tinati n'chisanu cha Juni, poti kuno aliyense amatsokomola. Koma Okutobala anafika, Che Abdulai akupumirabe pakati pa makwerero. Kuchipatala anamujambula pachifuwa, ndipo enfelemelo Nazário, namwino wa pamenepo, anamuuza mosapita m'mbali kuti malata aja ali ndi ulusi wa asibesitosi, umene ukalowa m'mapapo sutulukanso. Che Abdulai anangogwedeza mutu ngati akumva mtengo wa misomali. Kenako Nazário anafunsa amene amakuntha zovala zake.

Apa ndiye bamboyo anachita mantha. Za mapapo ake anali atavomera kale, koma a Tausi ayi. Anakwirira jeketeyo kuseri kwa chimbudzi osanena chifukwa, ndipo mkaziyo anakwiya masiku atatu, poganiza kuti kwinakwake kwapezeka wina wokuntha bwino.

Tsiku lachinayi anaulula. “Amake Sofia, fumbi lija ndinkakubweretserani ndi ine. Tiyeni akakujambuleni, chonde.”

“Ine sindikudwala, Che Abdulai.”

“Nanenso sindinkadwala.”

Ndinawaperekeza. Nazário anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kunena kuti pakadali pano mapapo ndi oyera, koma azibwera chaka chilichonse. Che Abdulai anamufunsa katatu konse. Kachitatuko anati “Alihamudulilahi,” n'kulira osabisa nkhope, munthu amene sanalire ngakhale tsiku limene anagwa padenga n'kuthyoka mkono. Inenso misozi inandilengeza, sindikana.

Pobwerera anakana kukwera mota, njinga yamoto ya hayala. Pachitunda cha kufupi ndi kwathu anaima, dzanja pabondo, mpweya ukulira m'khosi.

“Tsogolani, amake Sofia,” anatero. “Ndikufuna ndikuoneni mukukwera.”

Tausi anakwera mpaka pamwamba osapumira, anatembenuka kuti mwamuna wake aone, kenako anatsikanso kudzamutenga.