Amayi Akumunsi

Ndinafika ku Mchinji ndili wamng'ono, ine ndi amuna anga, kuchokera ku Mulanje. Tinabwera kudzalima fodya ngati matenanti pa esiteti ina kuseri kwa Kamwendo. Chaka chachiwiri amuna anga anawoloka malire kulowa ku Zambia, ati kukafuna ntchito yabwinoko. Sanabwererenso. Ndinatsala ndekha m'kanyumba kaudzu, ndili woyembekezera, nazale ya fodya ikudikira madzi.

Kumunsi, chakudambo, kunkakhala mayi ena achikulire, opanda mwamuna, opanda mwana. Dzina lawo palibe ankalidziwa; tonse tinkangoti amayi akumunsi. Nditapita padera, ndi iwo amene anabwera. Anandisambitsa, anachapa nsalu zanga, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba athirira nazale yanga asanapite ku yawo.

"Mayi, ndikuthokozeni bwanji?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Gona, mwana wanga," anatero. "Fodya sadziwa kuti mwini wake wadwala."

Anamwalira dzinja lomwelo, nthawi yothyola fodya. Akapitawo anafunsa kwawo, koma panalibe wodziwa. Tinawaika m'mabulugamu, kumapeto kwa esiteti, kumene ankaikako alendo onse opanda abale. Anthu tinali ochepa. Ambiri anathamangira kuchigafa choumitsira fodya dothi lisanakwanire pamanda.

Patapita zaka ndinasamukira kufupi ndi mishoni ya Guilleme, kumene ndimalima mtedza mpaka lero. Kwathu sindinabwerere; amene ankandidziwa anatha. Tsiku lina la Oyera Onse, bambo mfumu polalikira anati kumwamba kuli oyera ambirimbiri amene mayina awo sali m'buku lililonse, ndipo nawonso amatipempherera. Misa itatha ndinawadikira pakhomo la tchalitchi.

"Bambo, kodi munthu wosamudziwa dzina ungamupemphe kuti akupempherere?"

"Mulungu akumudziwa, mayi," anayankha. "Inu ingoyankhulani naye."

Mawa lake ndinakwera kabaza kupita ku esiteti kuja. Mabulugamu anali atadulidwa, patangotsala zitsa ndi tchire louma. Mitanda inadyedwa ndi chiswe kalekale. Ndinazungulira ndi dzuwa lonse lija, koma mtumbira wawo sindinauzindikire. Ndinakhala pachitsa, kolona m'manja, ndikulira pang'ono. Kenaka ndinaganiza za onse ogona pamenepo, ochokera ku Thyolo, ku Phalombe, ku Dedza, aliyense ndi kwawo kumene anamudikira mpaka kutopa. Ndinati, "Amayi akumunsi, ndi inu nonse muli nawo pano, mutipempherere ife."

Palibe chinachitika. Mbuzi ina inkadya makoko patsidya, basi.

Komabe kuyambira pamenepo ndimayankhula nawo. Ndikamakumba mtedza ndekha m'munda ndimawauza za bondo langa, za mvula yochedwa, za mwana uja amene sindinamuone nkhope. Anzanga a kumphakati amati ndayamba kuyankhula ndekha ndi ukalamba. Ndimangowasekerera, n'kupitiriza kukumba.