Nsichi za Mkamwini

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 3. Chimene ndinkaopa kwambiri nthawi imeneyo sanali fisi kapena mkwapulo wa aphunzitsi, koma mawu awiri a Chitumbuka: "Nkhuluta kukaya." Ndiko kuti, ndikupita kwathu. Anali mawu a bambo anga.

Bambo anachokera ku Mzimba. Anabwera ku Kasungu kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo atakwatira mayi anakhala pachikamwini kwathu ku Lukwa. Kwawo mkazi ndiye amatsata mwamuna, choncho chikamwinicho chinkawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndiwo zikachepa mchere, nkhuluta kukaya. Mayi akachedwa kuchigayo, nkhuluta kukaya. Mudzi wonse unkangoseka, koma ine sindinkaseka. Mnzanga wina m'kalasi bambo ake anapitadi, osabweranso.

Chimene chinkanditsimikizira mantha anga linali khola lathu la nkhumba. Anthu ena ankazika nsichi za muwanga kapena naphini, mitengo imene chiswe chimailambalala. Bambo ankangotenga mapolo otha ntchito a bulugamu kuchigafa choyanikamo fodya, n'kuwabaya pansi pang'ono chabe. Mayi akadandaula, ankayankha kuti, "Mlendo ndi mame. Ndizike muwanga pamalo pa eni, tsiku lopita ndidzausenza?" Chaka chilichonse chiswe chinkadya, chaka chilichonse bambo ankamanganso. Kunena zoona, chiswe cha pakhomo pathu chinkakhuta kuposa ife ana.

Nkhumba yathu yaikazi mayi anaitcha Mupitaliti. Bambo ankadana nalo dzinalo, koma nkhumbayo sinkamva lina, moti madzulo aliwonse ankaima ndi beseni la gaga n'kumaitana mokwiya, "Mupitaliti! Mupitaliti!" mayi ali phee kukhitchini ngati sakumva.

Lamulungu lina, m'nyengo yotentha ija nazale za fodya zikamabiriwira kudambo, ife tili kutchalitchi, nkhumbayo inadzikanda pansichi imodzi, nsichiyo n'kugonja. Inalunjika kunazale ya malume, a Lingisoni, mlongo wa mayi, amenenso anali mwini mbumba. Inaigalauza yonse ngati thirakitala.

Malume anafika pakhomo atafumbata timbande tofota.

"Alamu," anatero, "mbande ndikapempha kwa anzanga. Koma tandiuzani. Ana atatu mwabereka pano, khola mukumangabe ngati msasa wa munthu wousa mvula?"

Bambo anangotembenuka. Jekete ya kutchalitchi anali asanavule. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama. Kuopseza konse kuja, chikwama anali asanachinyamulepo.

Koma bambo anga sakanachoka osalankhula. Anaima pakhola, anthu atasonkhana, nayamba kutsanzika ngati mlaliki. Anati atopa ndi kunyozedwa. Anati kwawo kuli makola a ng'ombe, osati tinkhumba. "Ndipo khola mukulinyozali lalakwanji? Yofooka inali nsichi imodzi yokha. Taonani iyi!" Anatsamira nsichi ya pangodya ndi thupi lonse.

Inangoti phwa! Kunja unali mtengo, mkati munali dothi lokhalokha. Bambo anagwa chagada m'matope a nkhumba, miyendo m'mwamba, chikwama chili m'manja, ndipo mbali yonse ya kholalo inawatsatira n'kuwafunda.

Agogo, mayi awo a mayi anga, anali pomwepo. Mwambo sulola mpongozi kumuyang'anitsitsa mkamwini wake, ndiye anatembenuka mwaulemu n'kupenya kutchire, koma mapewa ankagwedezeka. Malume anachita kukhala pansi ndi phwete.

Amene analira ndine ndekha. Ndinalowa m'matopemo ndi diresi yanga ya kutchalitchi n'kugwira chikwama chija.

"Adada, ndikudziwa ine! Mumamangira dala mitengo yofumbwa, kuti tsiku lotithawa musadzasiye kanthu!"

Kuseka kunatha. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, matope akuyenderera m'khutu.

Tsiku limenelo sanapite, poti munthu sangakwere basi akununkha nkhumba. Mayi anachapa jekete ija, nati, "Mudikire iume." Dzuwa la ku Kasungu nyengo imeneyo limaumitsa bulangete m'kanthawi, koma jeketeyo inakaniratu kuuma. Ndinawapezerera mayi kuseri kwa bafa akuiviikanso m'ndowa. Anandiponyera diso lakuti ukanena uona.

M'mawa wina ndinadzuka bambo kulibe. Ndinakana phala, ndinakana sukulu, n'kukakhala m'mbali mwa msewu. Dzuwa litapendeka ndinamva kulira kwa ngolo. Anali iwo, malume ali pambali, ngoloyo itadzaza ndi mitengo yokhotakhota, yosaoneka bwino, yolemera ngati miyala. Anali atakapempha muwanga wa kumunda kwa malume, ndipo kwa bambo anga kupemphako kunali kowawa kuposa kudulako. Nkhwangwa inali itabenthuka, m'manja muli matuza okhaokha.

Bambo anandiitana kuti ndizigwirira. Anasema khungwa ndi kunja koyera, nandionetsa pakati pakuda. "Choyerachi ndi ndiwo ya chiswe," anatero. "Chakudachi chikaluma, chisiyapo mano." Kumunsi kwa nsichi iliyonse anawaula pamoto, fungo lake likudzaza bwalo lonse, ndipo maenje anakumba mpaka mkono wonse kulowa.

"Adada, imeneyi idzatha liti?"

"Iyi? Ndidzayamba kuola ndine."

"Ndiye simupita?"

"Iwe, ndisweke manja chonchi kuti adzatsamirepo mwamuna wina?"

Mayi, amene ankapeta chapafupi, sanatukule n'komwe mutu. "Musatsamirenso," anatero, "jekete ndi imodzi."

Bambo anga sanali munthu wonena kuti ndimakukondani; akanatsamwa nawo mawuwo. Ndinakula ndisanawamve pakamwa pawo, ndipo kwa zaka zambiri zinkandipweteka. Lero ndi pamene ndimamvetsa kuti anawanena tsiku lija, ndi nkhwangwa yobenthuka, ndiponso kuti pa anthu onse a m'mudzimo ankayankha ine. Atamwalira, tinawaika m'manda a kwathu ku Lukwa, pakati pa akuchikazi awo. Nkhumba tinaleka kuweta kalekale, koma ndikafika kumudzi ndimazungulira kuseri kwa nyumba. Nsichi zija zikadalipo, zakuda bii, zokhota monga kale. Ndimazigwedeza ndi manja awiri, ndipo sizisuntha.