Mabanzi a Idi pa tsiku la chiperoni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha lilime. Bambo a ana anga atamwalira, chimanga nachonso chinapserera m'munda kwathu kwa Kawinga, ndiye ndinanyamula ana anga awiri, Tadala ndi mng'ono wake, n'kukatsamira kwa mchemwali wanga pa Ulongwe. Kutchalitchi ndinali nditasiya. Ndisaname, Mulungu ndinali nditamukwiyira.

Mchemwali wangayo ndiye anamva kuti Abiti Saidi, mayi wophika mabanzi kuseri kwa msika, akufuna wothandiza. Unali mwezi wa Ramazani, iwo akusala, moti sakanatha kulawa ngati mchere ndi shuga zakwana. Anandiuza mosapsatira kuti andisunga mpaka pa Idi basi, zakutsogolo adzaona. Ine ndinadziwa kuti akandisiya ndibwerera kumudzi ndi ana, kunkhokwe yopanda kanthu.

Mayi aja anali aukali, koma ntchito ankaidziwa. Madzi azikhala ofunda, oti chala chikhalemo osachithawitsa, chifukwa otentha amapha yisiti. Umasungunula yisitiyo ndi shuga pang'ono n'kudikira thovu. Kenako fulawa, mchere ndi mafuta ophikira m'beseni, n'kukanda mpaka ufawo usiye kumata m'manja. Ukavundikira n'kutupa, umadula timibulu, kuyala m'malata opaka mafuta, n'kusiya titupenso. Uvuni wawo unali wanjerwa. Tinkasonkha nkhuni, kupalira makala pambali, n'kuwaza kafulawa pansi: kakada msanga ndiye kuti moto wanyanya.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ikhale Idi, Abiti analandira foni yoti amayi awo adwalika kwawo kunyanja ya Chiuta. Ananyamuka m'mamawa, kundisiyira oda ya Che Bwanali, mkulu wina wa kumzikiti amene ankafuna mabanzi ambiri a alendo. Tsiku lakenso linasankha! Kunagwa chiperoni, kamvula kowaza, dzuwa osaoneka ngakhale pang'ono. Ndinakanda bwinobwino monga mwa masiku onse, ndinavundikira, koma ufa uja unangoti duu m'beseni ngati dothi loumbira mbiya.

Nthawi yonyamula mabanzi itakwana, Che Bwanali anafika ndi njinga yawo. Atasuzumira m'beseni anapukusa mutu. Anati andipatsa mpaka madzulo, zikakanika akagula kwina ndipo Abiti adzamva zonse. Mayi wina wogulitsa mandasi pafupi anandinong'oneza kuti ndingothiramo soda wambiri zithe. Mtima unafuna, koma ndinadziwa kuti mabanzi a soda amawawa, ndipo dzina loipa likanagwera mayi amene anandikhulupirira.

Ndinasonkha kamoto mu uvuni, ndinathamangira kunyumba kukatenga bulangete lathu, lomwelo limene tinkafunda atatu, ndinakulunga beseni n'kulikhazika pamwamba pa njerwa zofunda. Basi, nzeru zanga zinathera pomwepo. Manja ankayabwa kuti ndivundukule, koma ukavundukula umalowetsa mphepo. Ndinakhala pachitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro ndinapemphera. Silinali pemphero lokoma ayi. Ndinamuuza Mulungu kuti mwamuna mwatenga, chimanga mwatenga, kodi ndi ufa womwe? Ndinalira mpaka mawu anatha. Kenako mtima unayamba kutsika ngakhale kuti panalibe chimene chinasintha. Ndinati ana ndi anu, muona nokha.

Sindidziwa kuti ndinakhalapo nthawi yotalika bwanji. Nditadzutsa mutu ndinaona bulangete litakwera pakati. Ambuye anga! Ufa unali utadzaza beseni. Ndinadula timibulu, ndinadikiranso, ndipo malata omaliza anatuluka dzuwa litapendeka. Che Bwanali anafinya banzi limodzi ndi chala, linabwerera, iwo anangoti "Chabwino" n'kumanga katoni panjinga.

Abiti anabwera Idi itadutsa, amayi awo atapezako bwino. Nkhani anali ataimva kale kumsika. Anandifunsa kuti ndinathiramo chiyani kuti ufa utupe kuzizira konse kuja. Ndinati palibe, ndinangofunditsa, kupemphera n'kudikira.

"Amake Tadala," anatero, "kukanda aliyense amatha. Chimene chimathawitsa anthu pantchito ino n'kudikira. Mawa mulawire."

Ndinagwira kwa mayi aja mpaka ndinamanga uvuni wangawanga ku Balaka, ndipo ana anga aphunzira ndi mabanzi. Sindinena kuti pemphero ndilo linatupitsa ufa, yisiti inkagwira ntchito yake nthawi yonse imene ine ndinkalira, kungoti sindinkaiona. Mavuto sanaleke kubwera. Akafika ndimachita mbali yanga mpaka pamene manja anga athera, zotsalazo ndimazisiya kwa Mwini wake, ndipo ndimagona tulo.