Njuchi Zopanda Bambo za a Damião

Ku Ntengo-Wambalame aliyense amawadziwa a Damião: ming'oma khumi ndi inayi m'mitengo, khutu limodzi lotupa chaka chonse. Anayamba kuweta njuchi atangobwera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse amachiweruza ndi mtundu. Mbuzi ikaba chimanga, ndi mtundu. Mwana akalephera ku shikola, ndi mtundu. "Make mbuu, mwana mbuu," amatero, ngakhale palibe wawafunsa.

Ndiye mdzukulu wawo Ercília, mwana wa mlongo wawo, anapeza mwamuna, Adérito, mnyamata wolima mbatatesi mpaka manja kuchita zikang'a. Vuto linali limodzi: anabadwira kukampu ya othawa nkhondo, bambo ake osadziwika. A Damião monga atsibweni anakana kwamtuwagalu.

"Mbewu yosadziwika sindidzala m'munda mwanga!"

Ercília analira sabata yathunthu. Zinandimvetsa chisoni ine, chifukwa mkuluyu saipa mtima, kungoti mutu ngouma.

Tsiku lina kunabwera alangizi a zaulimi, dona Gertrudes, kudzaona ming'oma. Atatsegula umodzi, a Damião analoza monyadira njuchi zonenepa zamaso akuluakulu.

"Madoda awo, dona. Mtundu weniweni, ana a bambo awo."

Alangizi anaseka mpaka utsi wofukizira njuchi kuwatsamwa. "Titiyo Damião, zimenezi ndi zamphongo, ndipo bambo zilibe. Zimaswedwa m'mazira amene sanakumane ndi mbewu ya mwamuna. Zili ndi mayi ndi agogo akuchikazi basi."

"Nanga mfumu yawo?"

"Ndi mayi ameneyo. Dzira lake ndi chimodzimodzi ndi la njuchi zantchitozi. Amangomudyetsa chakudya chapadera ali kamphutsi, thupi n'kutsegula zina zimene linali nazo kale."

A Damião anayang'ananso njuchi zonenepa zija. Njuchi inawaluma khutu labwino lija, osaimva n'komwe. Zaka makumi atatu akhala akudyetsa banja ndi uchi wa m'nyumba yodzaza ana opanda bambo!

Madzulo anafika kwa mlongo wawo, makutu onse awiri ali tuu, chigubu cha uchi m'manja. Anaitana Ercília.

"Mnyamata uja, agogo ake alipo?"

"Alipo, atsibweni, ku Chidzolomondo."

"Kawauze atumize ankhoswe." Anamupatsa chigubu chija akuyang'ana kumbali. "Ndipo mnyamatayo uzikamudyetsa bwino. Tione chimene chitulukemo."