Phesi Limodzi la M'munda wa Mayi Esitere

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Eliya, fungo limene limayamba kundifikira ndi la masamba a tiyi ofota, losakanikirana ndi thukuta la m'malaya a khaki ndi utsi wa bulugamu wochokera ku fakitale. M'mawa uliwonse, nkhungu isanachoke m'mizere ya tiyi, wezulo yawo inkalira katatu, ndipo anthu ankatuluka m'nyumba ali ndi madengu kumsana, ena akumangirirabe ziguduli m'chiuno kuti mame asawanyowetse. Agogowo anali kapitawo pa esiteti ina kuno ku Thyolo, komanso mkulu wa mpingo. Ine ndinali mdzukulu wa kapitawo, ndipo sindikubisirani, ndinkayenda ngati tiyi yenseyo anali wa amayi anga.

Sanali munthu wokoma kukhala naye. Pemphero lawo la chakudya linkatalika mpaka kalongonda kuzizira m'mbale, ndipo ukatsegula diso limodzi kuti uone ngati nkhuku sizikudya, unkapeza diso lawo lili pa iwe kale. Mpaka lero sindidziwa kuti iwo ankapemphera bwanji akutiyang'ana. Pa ntchito anthu ankawadandaula, chifukwa munthu akathyola masamba okhwima ankamubweza, ngakhale atakhala m'bale wawo.

Nyumba yathu, munda wathu, ngakhale njira imene ndinkadzera popita ku sukulu ya mishoni, zonse zinali pa malo a mzungu. Aliyense wokhala pamenepo ankayenera kumugwirira ntchito miyezi ingapo pa chaka, ndiye thangata uja mumamva. Mzungu wathu tinkamutchula kuti Bwana Tsabola, chifukwa cha nkhope yake ndi mtima wake womwe.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 2, mwana wa mayi Esitere, mayi wamasiye amene tinayandikana naye nyumba, anathawira ku Halale asanamalize thangata. Bwana Tsabola anaitana agogo, nawauza kuti atenge anthu akazule chimanga chonse cha mayiyo kuti ena atengerepo phunziro. Chimangacho chinali chitamasula kale ngayaye. Anawonjezera kuti akadzachipeza chili chiimire mawa lake masana, a Eliya ndi mbumba yawo yonse adzachoke pa malo ake.

Madzulo amenewo amayi anga, mwana wawo woyamba, anagwada pafupi ndi mpando wa agogo.

"Ababa, olo inu mukane, wina akazulabe. Notisi ikabwera tilowera kuti ndi anawa? Mwanayu sukulu ndiye yathera pomwepo."

"Ndamva," anatero agogo.

"Mwamva, ndiye mukuti bwanji?"

"Ndati ndamva."

M'mawa mwake wezulo inalira katatu monga mwa masiku onse. Ine ndinasiya njira ya ku sukulu n'kuwatsatira agogo. Ndinawapeza ataima m'mphepete mwa munda uja ndi amuna asanu, mayi Esitere atakhala pansi chapatali, nsalu itaphimba kumutu. Palibe amene ankagwira kanthu. Agogo ankang'ung'udza m'Chilomwe, ndipo ndinamva dzina lakuti Muluku. Ankapemphera m'Chinyanja masiku onse, koma zinthu zikafika pothina ankamuitana Mulungu m'chinenero cha amayi awo.

Ndinapsa mtima. Ndinkaona sukulu yanga ikupita chifukwa cha chimanga cha eni ake, akuluakulu asanu ndi mmodzi atangoti chilili ngati mitengo ya mbawa. M'mutu mwanga ndinati mwina chikuwavuta n'kuyamba chabe. Ndinalowa m'mundamo, ndinagwira phesi loyamba ndi manja onse awiri, n'kukoka. Linazuka mosavuta chifukwa kunali kutagwa mvula, ndipo mizu yake inalira ikuduka.

Agogo sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Bwezera."

"Agogo, lazuka kale, silingagwirenso."

"Sindinakufunse ngati ligwire. Bwezera pomwe walichotsa."

Ndinagwada m'matope, ndinakumba ndi zala, ndinaimika phesi lija n'kulitsindira dothi, misozi ndi mamina zili mbwee. Ndili chigwadire choncho ndinamva galimoto ikuima kumsewu.

Bwana Tsabola anafika akupukuta khosi. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma tonse tinamva.

"Eliya, chimanga ichi chifukwa chiyani ali pano? Iwe saopa ine?"

Ndinali pafupi ndi miyendo ya agogo, ndiye zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa. Mawondo awo ankanjenjemera mpaka kabudula kugwedezeka.

"Ndimakuopani, bwana. Taonani miyendoyi, ikuchitira umboni yokha. Koma alipo amene ndimamuopa kuposa inu. Malowa mukuti ndi anu, chabwino. Nanga mvula imene yameretsa chimangachi munaitanitsa ndinu? Mayiyu alibe mwamuna, womuyang'anira wake ndi Mulungu. Ine ndi ameneyo sindilimbana naye."

Anavula chingwe cha wezulo m'khosi. Sanamuponyere, komanso sanamupatse ndi manja awiri monga mwa ulemu wathu. Anangoiika pansi, pakati pa iwo ndi mzunguyo, kuti ngati akuifuna awerame yekha. Amuna asanu aja anayang'ana kumbali, wina akudziluma mlomo.

Musaganize kuti kumwamba kunagunda bingu. Mawa lake kapitawo wina anabwera ndi anthu ake, ndipo dzuwa lisanafike pamutu munda wonse unali utagwa pansi. Ife tinasenza mphasa ndi miphika sabata lomwelo kupita ku Thekerani, kumapiri kumene khasu limalira pamwala. Mayi Esitere tinapita nawo limodzi, agogo atanena kuti mbale ya anthu asanu ndi awiri siikana wachisanu ndi chitatu. Sukulu sindinaipondenso mpaka nditatha msinkhu, ndipo kuwerenga bwinobwino ndinakaphunzira ndili ndi mwana kumsana.

Agogo ndinawasungira chakukhosi nthawi yaitali, ndipo sindichita manyazi kunena. Tsiku lina tikupalira chinangwa ndinalephera kupirira.

"Agogo, chimanga chija anazulabe. Nyumba inapita, sukulu yanga inapita. Ndiye tinapindulanji?"

Anaimika khasu, nandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa.

"Iwe ukuyesa tsiku lachiweruzo akandifunsa kuti chimanga chinacha kapena ayi? Akangoti, Eliya, tambasula manja tione."

Anatambasula manja awo pamaso panga, okakala, ong'aluka m'zala, kenaka anatola khasu n'kupitiriza kupalira. Anga ndinawabisa kumbuyo.

Tsopano ndakalamba kuposa mmene iwo analili nthawi imeneyo. Ndakumana nawo a Tsabola ambiri, ena akuda ngati ine ndemwe, ena ovala jekete la ku tchalitchi, aliyense ali ndi kamunda ka munthu wosauka kamene akufuna kuti ndimuthandize kuzula. Onse amanena zofanana, kuti ukakana iwe wina achitabe. Ndimawayankha kuti akamuitane winayo. Mawondo anga nawonso amanjenjemera, ndi a ku mtundu, koma sindisuntha. Ndinazulapo kale phesi limodzi, ndipo limenelo landikwanira kukaliyankhira kwa Mulungu.